Gudumu la ngolo ndi makandulo 24: mbiri ya mapemphero a tsiku ndi tsiku a mu Adiventi

M'zaka za m'ma 1830, chuma cha mzinda wa Hamburg ku Germany chinkathera kudoko. Zombo zinkatsitsa khofi, shuga ndi fodya, amalonda akuluakulu nkumalemererabe, koma munthu akangolowa m'tinjira takuseri ankapeza mabanja ataunjikana m'tizipinda tachinyontho, ana akungoyendayenda opanda owayang'anira. Mu 1832 mnyamata wina yemwe adali atangomaliza maphunziro a zaubusa, Johann Hinrich Wichern, adayamba kuphunzitsa Sande sukulu m'dera la St. Georg mumzindawo. Iye sankakhutira ndi kuwaona anawo m'kalasi mokha. Ankawalondola mpaka kumakomo kwawo, ndipo umphawi, uchidakwa ndi nkhanza zomwe ankapeza kumeneko zidamusowetsa mtendere.

Umphawi sudali wachilendo kwa iye. Adabadwa mu 1808, woyamba mwa ana asanu ndi awiri, ndipo bambo ake adamwalira iye ali ndi zaka 15, udindo wothandiza mayi ake kulera azibale ake nkumugwera akadali mwana. Mu 1833 mkulu wina wa boma la mzindawo, Karl Sieveking, adamupatsa kanyumba kofolera ndi udzu m'mudzi wa Horn, kunja kwa Hamburg. Kanyumbako kankadziwika ndi dzina loti Rauhes Haus. Wichern adasamukirako ndi mayi ake ndi mlongo wake, nayamba kulandira anyamata omwe ena adali atawataya kale kuti ngosamva.

Pamalopo padalibe mpanda kapena maloko. Ana ankakhala m'timabanja ta anthu pafupifupi 12, gulu lililonse ndi mnyamata wamkulu wowayang'anira yemwe ankamutenga ngati mchimwene wawo. Ankaphunzira kuwerenga, ukalipentala, utelala, kusoka nsapato ndi ulimi, ndipo mwana aliyense wobwera kumene ankauzidwa kuti zonse zakale wakhululukidwa. M'mawa ndi madzulo onse ankasonkhana kupemphera.

Ku Hamburg mwezi wa Disembala ndi wamdima. Dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko, nkulowa cha m'ma 4 koloko madzulo. Nkhani yomwe imasimbidwa panyumbayo mpaka lero imati anawo ankamufunsa Wichern tsiku ndi tsiku kuti Khirisimasi ifika liti. Mu 1839 iye adatenga gudumu lakale la ngolo, naimikapo makandulo 24: anayi akuluakulu oyera oimira masiku a Lamulungu, ndi 20 ang'onoang'ono ofiira oimira masiku a mkati mwa sabata. Chaka chimenecho Adiventi idayamba pa 1 Disembala. Tsiku lililonse pa nthawi ya mapemphero ankayatsa kandulo imodzi yoonjezera, nkuimba nyimbo, nkuwerenga mawu a aneneri olonjeza za Mpulumutsi. Mwana ngakhale wosadziwa masamu ankatha kuona ndi maso ake kuti makandulo osayaka atsala angati.

Umu ndi momwe idabadwira nkhata ya Adiventi yomwe lero imaikidwa pafupi ndi guwa m'matchalitchi ambiri padziko lapansi. Idayamba ngati chida chowerengera masiku a pemphero, ndipo tsiku lililonse linali ndi kandulo yakeyake. Koma mwambo wopemphera tsiku ndi tsiku podikira Khirisimasi udali utakhalapo kale zaka zoposa 1,400 Wichern asanakhudze gudumu lija.

Mu 380, maepiskopi 12 adakumana ku Saragossa m'dziko la Spain. Chidawadetsa nkhawa ndi Akhristu ena omwe ankadzipatula, kumakapemphera okha m'nyumba zawo kapena kumapiri, ena nkumayenda opanda nsapato pofuna kuonetsa kudzimana. Maepiskopiwo adalamula kuti kuyambira pa 17 Disembala mpaka pa 6 Januwale, masiku 21, Mkhristu asajombe kutchalitchi ngakhale tsiku limodzi. Iyi sidali Adiventi yomwe ikudziwika lero, koma mfundo yake idali itaoneka kale: masiku oyandikira chikondwerero cha kubwera kwa Khristu ndi opempherera pamodzi, mosadumphitsa.

Patapita zaka pafupifupi 100, ku Tours m'dziko lomwe lero ndi France, Episkopi Perpetuus adakhazikitsa lamulo losala kudya katatu pa sabata kuyambira pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira Martin Woyera, mpaka Khirisimasi. Msonkhano wa maepiskopi womwe udachitikira ku Tours komweko mu 567 udalamula amonke kusala tsiku lililonse la Disembala mpaka Khirisimasi, ndipo wa ku Mâcon mu 581 udatchula masiku ake kwa Akhristu onse: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Anthu ankaitcha nyengoyi Lenti ya Martin Woyera. Popeza mawa lake kudali kumanga lamba, tsiku la Martin ankadya mokhuta, ndipo mpaka pano mabanja ambiri ku Germany ndi ku Austria amawotcha tsekwe pa 11 Novembala, ngakhale kusala komwe kudabweretsa phwandolo kudazilala kalekale.

Ku Roma nyengoyi idakula mwanjira ina. Kumeneko mtima udali pa mapemphero ndi mawerengo a pa Misa kuposa pa kusala, ndipo maulaliki a mu Adiventi a Papa Gregory Wamkulu, yemwe adatsogolera Mpingo kuyambira 590 mpaka 604, adasungidwa mpaka lero. Poyamba masabata ake ankasiyana malinga ndi dera, kwina asanu, kwina asanu ndi limodzi, koma Roma adakhazikika pa anayi. Dayosizi ya Milan ku Italy idakakamira masabata asanu ndi limodzi ndipo imatero mpaka pano. Mipingo ya Orthodox imasala masiku 40 kuyambira pa 15 Novembala. Kuno ku Africa, Akhristu a Orthodox ku Ethiopia amasala masiku 43, osadya nyama, mkaka kapena mazira, mpaka Khirisimasi yawo ya pa 7 Januwale, ndipo kusalako amakutcha kwa aneneri.

Mitsinje iwiriyi, wa ku France wotsindika kulapa ndi chiweruzo chomaliza, ndi wa ku Roma wotsindika chimwemwe cha kubadwa kwa Yesu, idadzakumana. Nchifukwa chake Adiventi ili ndi zonse ziwiri. Wansembe amavala zapepo monga mu Lenti, nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu imasiyidwa, koma Aleluya amaimbidwabe.

M'nyumba za amonke, kuwerenga masiku kudafika pokoma kwambiri m'sabata yomaliza. Kuyambira pa 17 mpaka pa 23 Disembala, pa mapemphero amadzulo, ankaimba kavesi kapadera asanayambe nyimbo ya Maria, ndipo tsiku lililonse ankamuitana Khristu ndi dzina lina lochokera m'Chipangano Chakale: Nzeru, Ambuye, Muzu wa Jese, Kiyi wa Davide, Mbandakucha, Mfumu ya mitundu, Emanuele. Timavesi timeneti tinkaimbidwa kale ku Roma pofika zaka za m'ma 700. M'nyumba zina za amonke ku France ndi ku England ankagawana kuyambitsa timavesito motsatira ntchito: wosamala dimba ankayambitsa ka Muzu wa Jese, wosunga makiyi a mosungira zakudya ka Kiyi wa Davide. Woyambitsayo ankayenera kupatsa anzake kachakudya kapadera tsiku limenelo. Mapemphero ndi ntchito za manja zinkayendera limodzi, ndipo kudikira kunkatsekemera pang'ono tsiku ndi tsiku.

Anthu wamba, omwe sankadziwa Chilatini ndipo masana ankakhala pantchito, adapeza nthawi yawo kunja kusanache. Ku Germany, Austria, Poland, Hungary ndi maiko oyandikana nawo kudafala Misa ya m'bandakucha yotchedwa Rorate, yochitika tchalitchi lili mumdima, kuwala kukuchokera ku makandulo okha. Ku Poland mpaka lero ana amapita ku Misayi atanyamula tinyali tawo. Ansembe a ku Spain adapita ndi mwambo wofanana nawo kumaiko omwe dziko lawo linkalamulira. Ku Mexico, cha m'ma 1580, wansembe Diego de Soria wa ku Acolman adapempha ndi kulandira chilolezo kwa Papa Sixtus V chochita Misa zapadera masiku asanu ndi anayi Khirisimasi isanafike. Pa masiku omwewo, 16 mpaka 24 Disembala, anthu a ku Mexico amachita Las Posadas: madzulo aliwonse amayenda khomo ndi khomo akuimba, kukumbukira momwe Yosefe ndi Maria adasowera malo ogona, mpaka nyumba imodzi itawatsegulira. Ku Philippines Misa zisanu ndi zinayizi zimatchedwa Simbang Gabi. Zimayamba cha m'ma 4 koloko m'mawa, nthawi yomwe idasankhidwa kuti alimi apemphere kaye asanapite kuminda, ndipo matchalitchi amadzaza mpaka ena kuima panja.

Pamene Mpingo wa ku Ulaya udagawikana m'zaka za m'ma 1500, Adiventi sidayende mofanana konsekonse. A Lutheran ndi a Anglican adasunga masabata ake anayi ndi mawerengo ake. A Presbyterian a ku Scotland adakana masiku onse a zikondwerero omwe sadalamulidwe m'Baibulo, Khirisimasi yomwe, moti tsikuli lidadzakhala holide ya boma ku Scotland mu 1958. Wichern adali wa Lutheran, ndipo chomwe adachita ndi kutenga kuwerenga masiku komwe kudali kwa amonke ndi kwa opita ku Misa ya m'bandakucha, nkukuika pamaso pa ana osauka m'chipinda chawo chopempherera.

Gudumu lija silidathere ku Horn. Ku Rauhes Haus kunkaphunzitsidwa anyamata omwe pambuyo pake ankatumizidwa kukagwira ntchito m'nyumba za ana amasiye, m'masukulu ndi m'ndende m'madera ambiri a Germany, ndipo kulikonse komwe ankapita ankatenga miyambo ya kwawo. Wichern mwini adatchuka kwambiri mu 1848, pomwe adalankhula pamsonkhano waukulu wa mipingo ku Wittenberg, nadzudzula Mpingo kuti ukulalikira chikhulupiriro nkumaiwala chikondi kwa osauka a pakhomo pake. Mawu akewo adabala bungwe la Innere Mission, kholo la ntchito zachifundo za mipingo ya Chipulotesitanti ku Germany. Cha m'ma 1860 gudumulo lidayamba kukulungidwa ndi nthambi zobiriwira za mitengo yonga paini, yomwe siyoyola masamba m'chisanu, nkusanduka nkhata. Wichern adamwalira mu 1881.

Polowa m'nyumba za anthu, nkhatayo idachepa. Gudumu la ngolo silikanakwana patebulo la banja, ndipo makandulo oposa 20 adali odula. Mabanja adasunga anayi a Lamulungu okha. Akatolika adachedwa kuilandira poiona ngati ya Apulotesitanti: idayamba kuoneka m'tchalitchi cha Katolika ku Cologne mu 1925, kenako ku Munich mu 1930, ndipo m'zaka za m'ma 1930 idawolokera ku America. M'maparishi ambiri a Katolika makandulo ake adatsata mitundu ya zovala za wansembe, atatu apepo ndi imodzi yapinki ya Lamulungu lachitatu, tsiku lomwe mawerengo amalimbikitsa kukondwa poti Ambuye ayandikira. Chomwe chidatayika pa kuchepaku ndi timakandulo tofiira tija, ta Lolemba mpaka Loweruka, tomwe tinkaitanira ana ku pemphero tsiku lililonse.

Masiku a mkati mwa sabatawo adapulumukira kwina. M'mabanja a ku Germany m'zaka za m'ma 1800, makolo ena ankajambula mizere 24 ya choko pachitseko, mwana nkumafufuta umodzi tsiku lililonse. M'mabanja a Katolika ana ankaika kaudzu kamodzi m'kakhola ka Khirisimasi akachita chabwino, kuti Yesu wakhanda adzapeze pogona pofewa. Gerhard Lang, mwana wa mbusa wa ku Maulbronn, adakula mayi ake akumusokerera timabisiketi 24 pa katoni kuti azidya kamodzi pa tsiku. Atakula adakhala wosindikiza mabuku ku Munich, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 adayamba kugulitsa makalendala a Adiventi okhala ndi zithunzi zodula ndi kumata. M'zaka za m'ma 1920 kudabwera makalendala a tizitseko totsegula, ndipo kuseri kwa ena kunkakhala vesi ya m'Baibulo ya tsikulo.

Ulamuliro wa Hitler udaona mphamvu yomwe idali mu kamwambo kakang'onoka. Mkati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makalendala a Chikhristu adaleka kusindikizidwa chifukwa mapepala ankagawidwa ndi boma, ndipo chipani cha Nazi chidatulutsa akeake, momwe munalibe Yesu koma asilikali ndi zizindikiro zachipani. Mu 1943 mabomba omwe adaphwasula Hamburg adagwetsanso nyumba zambiri za Rauhes Haus.

M'zaka zomwezo, zina mwa zolemba zozama kwambiri za Adiventi zidalembedwa m'ndende ya Tegel ku Berlin. Mu Novembala 1943 mbusa Dietrich Bonhoeffer adalembera mnzake Eberhard Bethge kalata yofanizira Adiventi ndi chitolokosi, momwe munthu amadikira ndi kuyembekeza podziwa kuti chitseko chingatsegulidwe ndi wakunja yekha. Chaka chotsatira, wansembe wa chipani cha Ajezwiti, Alfred Delp, adalemba malingaliro ake a masabata a Adiventi m'ndende yomweyo manja ali mu unyolo, ndipo timapepala take tinkatuluka mobisa pamodzi ndi zovala zokachapa. Delp adanyongedwa pa 2 Febuluwale 1945, Bonhoeffer pa 9 Epulo chaka chomwecho. Kwa amuna awiriwa kudikira Ambuye sikudali kukongoletsa nyumba. Ankawerenga masiku akudziwa kuti lina mwa iwo lingakhale la imfa yawo, ndipo sadaleke kupemphera.

Nkhondo itatha, Richard Sellmer wa ku Stuttgart adayambiranso kusindikiza makalendala mu 1946, ndipo ambiri adagulidwa ku America. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kuseri kwa tizitseko kudayamba kuikidwa chokoleti. Lero m'masitolo a ku Ulaya, America ndi South Africa mumapezeka makalendala a Adiventi a zidole, mafuta odzola, tiyi, ngakhale mowa. Ambiri amayamba pa 1 Disembala, pomwe Adiventi ya Mpingo imayamba Lamulungu lomwe limagwa pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala, nkutenga masiku 22 mpaka 28. Ku Rauhes Haus, yomwe idamangidwanso ndipo ikugwirabe ntchito yosamalira ana, okalamba ndi olumala, chiwerengero cha makandulo pankhata chimasintha chaka ndi chaka kutsata masiku enieniwo.

Mpingo wa Katolika nawo udakonzanso nyengoyi utatha msonkhano wachiwiri wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965. Kalendala ya 1969 idaigawa pawiri: mpaka pa 16 Disembala maso amakhala pa kubweranso kwa Khristu pa mapeto a dziko, ndipo kuyambira pa 17 amatembenukira ku Betelehemu. Tsiku lililonse la mu Adiventi lidapatsidwa mawerengo ake ndi mapemphero ake a pa Misa, buku la mneneri Yesaya nkukhala patsogolo. Popeza Misa idaloledwa m'zilankhulo za anthu, mawu omwe kale ankamveka m'Chilatini adayamba kumveka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyawo.

Ku Malawi Adiventi idabwera ndi amishoni. A Anglican a UMCA adakhazikika pachilumba cha Likoma mu 1885, ansembe a Montfort adatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo a White Fathers adafika ku Mua mu 1902. Onsewa ankatsata kalendala ya Mpingo. Amishoni a ku Scotland omwe adafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 adachokera ku mipingo yomwe idali itasiya kalendalayo, ndipo nchifukwa china chomwe dzina la Adiventi limamvekera kwambiri kwa Akatolika, a Anglican ndi a Lutheran kusiyana ndi mipingo ina.

Nyengo yomwe idakulira m'chisanu ndi mumdima wa ku Ulaya idapeza kuno dzuwa lotalika, mabingu ndi mvula yobzalira. Masabata anayi a Adiventi ndi omwe mlimi amabzala, kupalira ndi kuthira feteleza woyamba, nkhokwe zitayamba kupepuka, ena akusaka ganyu kuti ana adye. Kudikira sachita kumuphunzitsa munthu yemwe waponya mbewu yomaliza m'nthaka nkumayang'ana mitambo, ndipo mawu a Yesaya onena za chipululu chophuka maluwa amawerengedwa m'tchalitchi minda ikubiriwira panja. Koma ntchito yomweyo imapangitsa Misa ya tsiku ndi tsiku kukhala yosatheka kwa ambiri, makamaka kumidzi komwe wansembe mmodzi amayendera matchalitchi ang'onoang'ono ambirimbiri pamisewu yamatope.

Apa ndi pomwe miphakati idagwira ntchito yomwe kwina idagwiridwa ndi nkhata ndi kalendala. Maepiskopi a kum'mawa kwa Africa a bungwe la AMECEA adagwirizana mu 1973 zolimbikitsa timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba, ndipo ku Lilongwe Episkopi Patrick Kalilombe adaika mfundoyi pakati pa sinodi ya dayosizi yake ya 1973 mpaka 1975. Pamphakati anthu amakumana pakhomo pa mnzawo, kuwerenga Mthenga Wabwino, kugawana zomwe amva, kupempherera odwala ndi kusonkha kangachepe ka amasiye ndi okalamba. Mu Adiventi ansembe amazungulira matchalitchi kumva kulapa, akatekisiti amatsogolera mapemphero komwe wansembe sanafike, makwaya amakonzekera nyimbo za Khirisimasi madzulo atachoka kumunda, ndipo wayilesi ngati Radio Maria imafikitsa Misa ndi kolona kwa omwe sangachoke pakhomo.

Mawerengo a sabata yomaliza amatsata ndondomeko imodzi ku Likuni, ku Manila ndi ku Cologne. Pa 17 Disembala, likakhala tsiku la mkati mwa sabata, pamawerengedwa mndandanda wa makolo a Yesu wa mu Mateyo, momwe muli Tamara, Rahabu, Rute ndi mkazi wa Uriya. Masiku otsatira amabweretsa loto la Yosefe, Zakariya m'Nyumba ya Mulungu, mngelo kwa Maria, ulendo wa Maria kwa Elizabeti, nyimbo ya Maria ndi kubadwa kwa Yohane Mbatizi. M'mawa wa pa 24 pamawerengedwa nyimbo ya Zakariya. Usiku wake kuno ku Malawi wansembe amavula zapepo nkuvala zoyera, mabelu ndi ng'oma zimalira, amayi amalulutira, ndipo mpingo wonse umaimba Ulemu kwa Mulungu, nyimbo yomwe sidamveke Lamulungu lililonse kwa masabata anayi.